Sitima ya mbidzi ya atata

Kwathu ku Nyimba kulibe nyanja. Madzi aakulu amene ambili a ife tinawaonapo ndi a Luangwa, ndipo m'chilimwe ngakhale amenewo amaphwa mpaka mbuzi kuyamba kuwadelela. Koma pakhomo pa atata panali sitima yankhondo, ndipo amene anavutika nayo kuposa onse ndine, ngakhale sindinaiseme kapena kuipaka utoto.

Atata anali msilikali pa nkhondo ija ya azungu. Anawatenga ali mnyamata, nawakweza lole, kenako sitima ya pamtunda, kenako chombo chachikulu chimene chinawaolotsa nyanja kupita kumene kunkamenyedwa nkhondoko. Za nkhondo yeniyeniyo sankakamba. Ukawafunsa ngati anaphapo munthu, ankangotola chipewa n'kupita kudimba. Chimene ankakamba osatopa chinali sitima yankhondo imene inkapelekeza chombo chawo, kuyenda pambali pawo ngati galu wa mlenje. Poti m'chombomo munalibe chochita koma kusanza ndi kuyang'ana madzi, iwo ankatsamila chitsulo cha m'mphepete n'kumaiyang'ana sitimayo tsiku lonse.

Ankati inali yopakidwa mizele yokhotakhota, yakuda, yotuwa, yoyela, ina yabuluu, yodukizana mopanda dongosolo. Kumphuno kwake azungu anajambulako funde loyela labodza, kuti ngakhale ikuyenda pang'onopang'ono izioneka ngati ikuthamanga. Ukafunsa chifukwa chake, ankayankha ndi nkhope ya m'tchalitchi kuti kumeneko kunali kubisala.

Apa ndi pamene anthu ankafa nacho chiseko. Kubisala! Ife tonse tinkadziwa kuti wofuna kubisala m'thengo amafanana ndi thengo, ndiye wofuna kubisala pamadzi afanane ndi madzi. "Ndiye kuti azunguwo anaiveka sitima malaya a mbidzi kuti adani asaione?" ankafunsa choncho pamowa. Atata ankayesa kufotokoza kuti cholinga sichinali choti isaoneke, koma kuti mdani wobisala pansi pa madzi asadziwe kumene kuli mutu, kumene ikuloza ndi liwilo lake, kuti akaponya bomba aphonye. Koma pofika pamenepo anthu amakhala atagwilana kale mapewa, misozi ili mbwembwembwe.

Nkhaniyo inakula mpaka inasanduka mwambi wa m'mudzi. Mwana akanama kuti sanadye nsinjilo, amake ankati, "Wayamba za sitima ya mbidzi." Mwamuna akafika mochedwa n'kunena kuti njinga inaphulika, mkazi wake ankati, "Inde, ndi mbidzi zomwe munakumana nazo." Ine kuchitsime ndinatukwanapo anthu ambili chifukwa cha mawu amenewo, ndipo mmodzi ndinamuthila madzi a ndowa yonse. Sindinapepese, ndipo lelo lomwe sindingapepese.

Atata ankaoneka ngati sizikuwakhudza, mpaka tsiku la mlandu wa malile a munda. Alongo awo, azakhali anga, ankalimbilana mbali ya munda wa thonje ndi banja lina, ndipo atata anaitanidwa kukachitila umboni poti analipo pamene akuluakulu anagwilizana kuti malile ndi chulu. Anaimilila pabwalo, nanena zonse bwinobwino. Atangomaliza, bambo wina wa banja linalo, munthu wokonda nthabwala amene pakamwa pake sipankauma, anafunsa mofatsa kuti, "Kodi chulucho chinalinso ndi mizele?" Bwalo lonse linaphulika. Umboni wa atata unathela pomwepo, ndipo azakhali anataya mbali ya munda ija. Atata anabwela kunyumba n'kugona osadya. M'mawa mwake anatenga nkhwangwa n'kulowa m'thengo, nabwelako ndi chipika cha mlombwa.

Anasema nyengo yonse yokolola. Amama ankati amuna a anzawo akumanga nkhokwe, awo akusema choseweletsa. Koma chinthucho chinatuluka, abale! Kutalika kwake ngati munsi, mphuno yakuthwa, nyumba zing'onozing'ono pamwamba. Mizinga anapangila masipoko a njinga, chumuni anadula pampu yakale, ndipo mpanda wa m'mphepete analuka ndi waya wa misampha. Atamaliza anaiika pakhonde, anthu odutsa n'kumati, "Yabwino ndithu. Nanga mbidzi ili kuti?" Chinatsala ndi utoto, ndipo utoto unali m'manja mwa amuna anga.

Amuna anga anachokela cha ku Katete, nadzakhala kwathu ngati mkamwini. Ntchito yawo inali yolemba zikwangwani. Masitolo, zigayo ndi malo omwela tiyi kuyambila pa Nyimba mpaka pa Kacholola anali ndi zilembo zawo, ndipo pa masiku a zikondwelelo ndiwo ankalemba nsalu za chipani. Anali munthu wofatsa mopitilila, wamanyazi ngati mkwatibwi. Ndipo mwambo wa kwathu unali woti mkamwini ndi apongozi sakhala maso ndi maso n'kumacheza ngati anzawo a pabawo. Mabanja ena ankaufewetsa mwambowo pakapita zaka, makamaka pakati pa amuna okhaokha, koma atata ayi. Iwo ankausunga ngati lamulo la ku usilikali. Akakumana panjila, amuna anga ankapatukila m'tchile ngakhale muli chitedze.

Ndiye taganizani. Wina ali ndi chithunzi m'mutu, wina ali ndi bulashi m'manja, ndipo awiliwo saloledwa kuyang'anana. Pakati pawo anaikapo ine.

Atata ankakhala kuseli kwa nkhokwe pampando wawo wachikopa. Amuna anga ankakhala pakhonde ndi sitima pamiyendo. Mtunda wake woti munthu akatsokomola winayo amamva. Koma atata ankandiitana n'kunena, "Iwe, ukawauze a mkamwini kuti mzele wakuda uyambe pansi pa mzinga woyamba, ukwele chopendekela, ukafika pachumuni uthyoke." Ine n'kuyenda, mwana ali kumsana, kukanena mawu amene amuna anga awamva kale ndi makutu awo. Iwo n'kuyankha monong'ona, "Ukawafunse apongozi, uthyokele kumanja kapena kumanzele?" Ine n'kubwelela. Atata n'kuti, "Kumanja kwa ndani? Kwa sitima kapena kwa iwo?" Mayo ine! Nthawi imeneyo n'kuti madzi a pafupi ataphwa, kuchitsime kuli kutali, minda ikudikila kusosa.

Tinayesa njila ina. Atata ankajambula mizele pamchenga ndi kamtengo, n'kuchokapo, kuti amuna anga abwele adzaone. Koma amuna anga ankadikila kaye kuti apongozi apite patali ndithu, mwaulemu, ndipo pofika iwo nkhuku zinali zitapalasa kale theka la sitima. Tsiku lina anakopela mokhulupilika zonse zimene anapeza pamchengapo, ndi za nkhuku zomwe. Atata ataona anagwila kumutu. "Iwe, ukawafunse a mkamwini ngati nkhondo imeneyi anamenya ndi iwo kapena ine!"

Utoto nawonso unali nkhani. Masiku amenewo m'masitolo munkasowa zinthu. Ukamva kuti kwabwela sopo kapena mafuta ophikila, unkasiya mphika pamoto n'kuthamangila pamzele. Penti ndiye usanene. Amuna anga anali ndi kachitini ka penti yoyela yotsala pa chikwangwani cha chigayo, ndi ina yobiliwila yambili ya ntchito za chipani, imene atata sankafuna ngakhale kuimva fungo. Yakuda anaipanga poswa mabatile akale a wailesi n'kupela makala a m'kati mwake. Yotuwa anasakaniza makalawo ndi yoyela ija. Koma kutuwa kwa atata sikunali kumodzi. Kunali kutuwa kwa phulusa la chitsononkho, kunali kutuwa kwa mtambo wa mvula, ndipo kunali kwina kumene ankangoti "kwa nyanja m'mawa", ngati kuti ife tinaionapo nyanja m'mawa. Amuna anga ankapaka pakhungwa, ine n'kupita nalo kuseli kwa nkhokwe, atata n'kuliyang'ana patali atatsinzina diso limodzi, n'kupukusa mutu.

Buluu ndiye anatsala pang'ono kuthetsa ukwati wa makolo anga. Amama anali ndi buluu wochapila amene ankasungila bulauzi yawo yoyela ya chigwilizano cha amayi a kutchalitchi. Ankamubisa m'kachitini pamwamba pa khoma, poti kumupezanso kunali kovuta. Loweluka lina akufuna kuchapa anapeza kachitini kali mbee. Atatuluka panja anaona kumbuyo kwa sitima kukuwala buluu wokongola. Zimene ananena amama tsiku limenelo sizoyenela mayi wa chigwilizano, ndipo sindizilemba. Atata anangoti, "Mulungu amaona mtima, saona bulauzi." Amama anayankha kuti ngati ndi choncho, akadye kwa Mulunguyo, ndipo mphika sunatelekedwe tsiku limenelo.

Ine ndinafika potopa. M'mawa wina atata atangoti "Iwe", ndinaima pakati pa bwalo, manja m'chiuno, n'kunena kuti ine sindine lamya ya ku positi. Ndinati onse awili ali ndi makutu ndi pakamwa, ndipo ngati mwambo ukufuna wonyamula mawu, mwambowo ukatungenso madzi. Ndinanyamula ndowa n'kumapita. Amama anandiuza pambuyo pake kuti amuna awiliwo anakhala pomwepo mpaka dzuwa kufika pamutu, wina kuseli kwa nkhokwe, wina pakhonde bulashi ikuuma m'manja. Pobwela ine ndi madzi, ndinamva mawu a atata akukwela bwinobwino.

"Iwe sitima! Umuuze munthu akukupakayo kuti funde loyela lisafike pa nangula. Lithele pansi pake."

Kenako mawu aang'ono a amuna anga: "Sitima iwe, uwauze eni ako kuti ndamva. Uwafunsenso ngati fundelo lipindike ngati mchila wa tambala."

"Iwe sitima, umuuze kuti wayamba kuganiza."

Ndinatula ndowa pansi n'kuseka mpaka m'mimba kupweteka. Kuyambila tsiku limenelo ntchito inayenda msanga. Mwambo sunathyoledwe, poti palibe amene analankhula ndi mnzake. Onse ankalankhula ndi chipika cha mlombwa. Ndipo ndinene zoona, pamene mizele yonse inakwanila, chinthucho chinandidabwitsa. Ukachiika patali dzuwa likupendeka, maso ankakana kugwilizana. Unkaona ngati mphuno ili uku, kenako ngati ili uko. Koma anthu a m'mudzi atabwela kudzaona anangoti, "Eee, mkamwini amatha kupenta." Bambo wanthabwala uja anati munthu akhoza kusema ngakhale ng'ombe yamapiko, koma si ndiye kuti inaulukapo. Atata anamva.

Madzulo ake anandiuza zimene anali ataganiza kuyambila pachiyambi. Ku Petauke kunali munthu mmodzi amene anakwela nawo chombo chomwecho. Munthuyo atabwelako kunkhondo anagwila ntchito ya umesenjala pa boma, ndipo tsopano anali atapuma. Pa zikondwelelo za ufulu asilikali akale ankawakhazika kutsogolo ndi mamendulo awo, ndipo pabwalo lomwelo pankakhala chionetselo cha zaluso za manja. Atata ankafuna kuti sitima ikaikidwe pamenepo, munthuyo akaione, ndipo anene pamaso pa anthu a kwathu ngati atata ndi wabodza.

"Ndiye bwanji simunapite kwa iye kalekale?" ndinafunsa.

"Sitilankhulana."

"Nayenso ndi mkamwini wanu?"

Anandiyang'ana moipa. Anati anayambana m'chombo momwemo pa nkhani ya fodya, anamenyana mpaka mnzawoyo kuthyoka dzino, n'kulangidwa onse awili, ndipo chibwelele sanapatsanepo moni. Ndinachita mantha. Ndinawauza mosabisa kuti munthu amene munamuthyola dzino chifukwa cha fodya sangakuchitileni umboni, ndipo akakana pamaso pa gulu, dzina la wabodza mudzalowa nalo m'manda. Iwo anati akudziwa.

Tisananyamuke kunabwela tcheyamani wa nthambi ya chipani, amene ankasankha zinthu zopita kuchionetselo. Anali munthu wamimba yake, wokonda mawu akuluakulu. Anaizungulila sitimayo n'kunena kuti luso lilipo, koma mitundu yake ndi ya atsamunda. Pa tsiku la ufulu, anati, sitima iyenela kuvala mitundu ya mbendela yathu, ndipo penti yobiliwila ilipo yambili. Anayang'ana amuna anga ponena zimenezo, ndipo amuna anga, amene ntchito yawo inkadalila anthu omwewo, anayamba kutuluka thukuta pamphuno.

Atata anati, "Bambo tcheyamani, ine ufulu ndimaukonda. Koma sitimayo sinali yobiliwila."

"Tikuipanga yatsopano, ya dziko latsopano."

"Ndiye semani yanu."

Ine ndinaona kuti apa tikhoza kugona kupolisi chifukwa cha chidole. Ndinalowa m'nyumba, n'kutenga kambendela kakang'ono ka pepala kamene ana anapatsidwa kusukulu, n'kukazika pamwamba pa chumuni. Ndinati, "Onani bambo, sitima ya atsamunda taigwila, tsopano ili m'manja mwathu." Tcheyamani anaganiza pang'ono, nkhope n'kuwala. Anati limenelo ndi phunzilo labwino kwa anthu, ndipo adzalitchula m'mawu ake. Atachoka, atata anang'ung'udza kuti mbendela siikhala pachumuni, ingapse ndi utsi. Ndinawauza kuti chumuni chawocho ndi pampu ya njinga.

Tinapita pa lole imene inanyamula ovina a kwathu, atata kutsogolo, amuna anga kumbuyo kwenikweni kuti asayang'anane, ine pakati ndi sitima yokulungidwa m'chitenje pamiyendo. Kunkatentha koopsa. Anthu amene tinawatola panjila, poona chinthu chachitali chokulungidwa bwino ndi nkhope yanga yosasekelela, anavula zipewa n'kuyamba kundipepesa. Mayi wina anayambitsa nyimbo ya malilo. Ndinachita kutulutsa mzinga umodzi kuti aleke. Bambo wanthabwala uja analinso momwemo, poti ndiye ankaimba ng'oma, ndipo njila yonse ankauza alendowo mbili ya mbidzi ya m'madzi.

Pa boma la Petauke panali anthu osaneneka. Sitima anaiika pathebulo pakati pa mphasa, madengu, magalimoto a waya ndi dzungu lalikulu la munthu wina wa ku Nyalugwe. Ana anaunjikana. Akuluakulu ankafunsa kuti bwanji yapakidwa ngati yamisala, ndipo anthu a kwathu ankayankha mosangalala, aliyense kuonjezela zake. Atata anaima pambali pa thebulo, jekete lawo lakale litamangidwa mabatani onse padzuwa limenelo. Maso awo anali ku mipando ya kutsogolo.

Zolankhula zinatenga nthawi, monga mwa masiku onse. Zitatha, alendo olemekezeka anayamba kuzungulila matebulo, ndipo pambuyo pawo pankabwela asilikali akale. Ndinamuzindikila munthuyo ndisanauzidwe, chifukwa atata anauma ngati mtengo. Anali nkhalamba yaitali yowonda, ya ndodo, mamendulo akulila pachifuwa. Anafika pathebulo, anayang'ana atata, atata anayang'ana iye. Moni panalibe. Kenako maso ake anagwela pa sitima, ndipo anaima.

Anawelama. Anaiyang'ana kuyambila kumphuno mpaka kumbuyo, pang'onopang'ono, mpweya ukumveka m'mphuno. Anazula kambendela kaja n'kundipatsa ine osandiyang'ana. Anthu a kwathu anayandikila, ndipo bambo wanthabwala anadzipanikiza kutsogolo, ng'oma ili kukhwapa.

"Bambo," anatelo mokweza kuti onse amve, "timamva kuti inu munali limodzi ndi bambo awa panyanja. Tatiuzani. Zimene zili apazi n'zoona?"

Nkhalambayo inaweluka n'kumenya ndodo pansi.

"Bodza!"

Ndinamva chiseko chikuyamba kumbuyo kwanga. Ndinafuna kuilumphila nkhalambayo, mamendulo ake ndi zonse. Ndinadana nayo, ndinadana ndi mudzi wathu wonse, ndinadana ndi sitimayo.

"Bodza lenileni!" inapitiliza, ikuloza ndi chala. "Mzele wakuda uwu sunkadutsa kumbuyo kwa chumuni. Unkadutsa kutsogolo, n'kutsikila pa mzinga wachiwili. Ndipo woyela uwu unali waukulu kuposa apa. Munthu iwe unali ndi maso kapena unkangoyang'ana fodya wa anzako?"

Chiseko chija chinazima ngati wathila madzi pamoto.

"Unkadutsa kumbuyo!" anakuwa atata.

"Kutsogolo! Funde ili lokha ndiye walikhoza, linalidi lopindika chonchi. Koma buluu uyu kumbuyoku wamutenga kuti? Kumbuyo kunali kotuwa, kutuwa kwakuda."

"Kunali buluu!"

"Usandiuze ine za kumbuyo kwa sitima imeneyi." Mawu a nkhalambayo anatsika. "Tsiku lija anaponya m'madzi mnyamata wa ku Ndake, uja anafa ndi malungo, atamusokela m'nsalu, ine ndinalephela kuyang'ana pansi. Ndinayang'ana kumbuyo kwa sitimayi mpaka m'busa anamaliza. Kunali kotuwa."

Atata anati, motsitsa, "Ine ndinayang'ana kumphuno."

"Ndiye chifukwa chake funde walikhoza."

Palibe anaseka. Bambo wanthabwala anayang'ana ng'oma yake ngati waiona koyamba. Wina mwa achinyamata anafunsa mwaulemu ngati sitimayo inalidi ndi mizele chonchi, ndipo nkhalambayo inamukalipila kuti nanga akuganiza kuti akukangana za chiyani, za mawanga a nkhanga? Inayamba kufotokoza za mdani wa pansi pa madzi ndi bomba lophonya, mawu omwe aja amene atata ananena kwa zaka zonsezo pamowa. Anthu a kwathu anamvetsela pakamwa pali yasa, ena akugwedeza mitu ngati anthu amene ankadziwa kale. Ndinafuna kuwatukwana mmodzimmodzi.

Posakhalitsa nkhalamba ziwilizo zinabwelela pa mzele wa pachumuni, kulozana ndi zala, kutchulana maina achipongwe a ku usilikali, malovu akuthovoka. Alendo olemekezeka anali atapita kale kukaona dzungu. Pakati pa mkanganowo atata anatembenuka kundifunafuna m'gulumo. Nkhope yawo inali yonyowa, ndipo sanaipukute. Ndinali ndisanawaonepo akulila, ndipo ndinali ndisanawaonepo akusangalala chotelo. Anandigwila dzanja mwamphamvu mpaka kupweteka.

"Wamva, mwana wanga?" anatelo. "Akuti ndalakwitsa mzele."